Mwawatulutsa m'ndende, nanga akagone kuti?

Pa 6 Julayi, pa Khirisimasi kapena pa Pasaka, tinazolowera kumva wailesi ikulengeza kuti mtsogoleri wa dziko wakhululukira akaidi. Amatchula chiwerengero, atsogoleri a mipingo amayamikira, mabungwe amawomba m'manja, nkhani n'kuthera pomwepo. Mu Ogasiti 2020, mliri wa Covid-19 utafika povuta, akaidi 499 anakhululukidwa nthawi imodzi. Zabwino zimenezo. Koma pali funso lomwe silimveka pa wailesipo, silimveka m'Nyumba ya Malamulo, silimvekanso pa guwa Lamulungu m'mawa: usiku wa tsiku lomwe atulukalo, anthu amenewa amagona kuti? M'mawa mwake amadya chiyani? Sabata ikatha, amakhala ali ndi ndani?

Ndikunena mosapsatira: dziko lomwe limadziwa kutsekera munthu koma osadziwa kumubwezera kwawo likudzipangira lokha akuba. Timalipira apolisi kuti amugwire, timalipira bwalo kuti limuweruze, timamudyetsa zaka zisanu kapena khumi ndi misonkho yathu, kenako timamutsegulira chipata cha Maula, Chichiri, Zomba kapena Mzuzu, n'kumusiya pamsewu ndi jumbo m'manja. Pakapita miyezi itatu wathyola golosale, timapukusa mitu n'kumati, "Mbava ndi mbava basi." Ayi. Si mbava yokha yomwe yalakwa apa. Ifenso tachita zopusa, ndipo tazichita ndi ndalama zathu zomwe.

Tiyambe taona kaye munthu yemwe akutulukayo. Ndende zathu zakhala zikusunga anthu oposa kawiri chiwerengero chomwe zinamangidwira. Ndende yayikulu ya Zomba inamangidwa mu 1935, nthawi ya atsamunda, ndipo mpaka lero ikugwirabe ntchito. Amene anakhalamo amadziwa kugona kwa shamba, kugona chokhala, mawondo pachifuwa, msana wako pamiyendo ya mnzako, mpaka kunja kuche. Amadziwa kudya kamodzi patsiku, mgaiwa ndi nyemba kapena nandolo, ndipo amadziwa masiku omwe ngakhale kamodziko kamasowa. Mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, bwalo linagamula kuti kuthithikana kotereku ndi nkhanza zosayenera munthu, ndipo linapatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse kuthithikanako ndi theka. Miyezi 18 ija inasanduka zaka, maboma anasinthana, ndende n'kumadzazabe.

Munthu amene wakhala m'malo otere zaka zambiri satuluka monga analowera. Wazolowera kuuzidwa nthawi yodzuka, nthawi ya foleni, nthawi yodya, nthawi yotsekeredwa. Wazolowera kumvera nyapala, mkaidi mnzake woyang'anira selo. Kugwira ndalama anaiwala, mitengo ya zinthu yomwe akuidziwa ndi yakalekale, ndipo kwacha yomwe anaisiya si imene akuipeza. Ena amatuluka akumwa mankhwala a chifuwa chachikulu kapena ma ARV, osadziwa kuti akalandirira kuti. Ena mutu unasokonekera m'menemo, akulankhula okha. Ameneyo ndiye timamuuza kuti, "Pita ukakhale nzika yabwino." Akayambira pati?

Ena adzati apite kwawo, pajatu Amalawi tili ndi mudzi, tili ndi abale, sitili ngati azungu. Bodza lokoma limeneli tilisiye. Taganizani za mwamuna yemwe anali pa chikamwini. Nyumba anamanga kwa mkazi, munda ankalima wa kuchikazi. Wakhala m'ndende zaka zisanu ndi ziwiri, mkazi anatopa kudikira, analowa m'banja lina, ndipo palibe angamudzudzule. M'nyumba yomwe anaumbira njerwa ndi manja ake muli mwamuna wina. Abwerere kwawo komwe anabadwira? Kumeneko gawo lake la munda analigawana adzukulu kalekale, ena anagulitsa. Amayi ake omwe akanamulandira anamwalira iye ali mkati, maliro sanaike nawo. Mudzi ulipo, inde, koma malo ake m'mudzimo anatsekeka.

Kwa mayi wotuluka m'ndende zinthu zimaposa apa. Mwamuna womangidwa amayenderedwa ndi mkazi wake, atasenza kadengu ka ufa. Mkazi womangidwa kawirikawiri amamva kuti bambo anakwatira wina. Amatuluka mwina ndi mwana kumbuyo, mwana yemwe mano anamerera kuseri kwa mpanda, n'kupeza ana ena aja anamwazikana kwa achibale. Pachitsime amayi anzake amayamba kunong'onezana akamuona. Kumpingo amamupatsa moni wa nsonga za zala. Ku banki m'khonde salowa, pakuti ndani angamukhulupirire ndi bokosi la ndalama? Nanga mnyamata wotuluka ku ndende ya achinyamata ya Bvumbwe, yemwe asanamangidwe n'komwe ankagona m'khonde la sitolo ku Limbe, mukamuuza kuti apite kwawo mukutanthauza kuti?

Ndiye pali mantha enieni. Tonse tikudziwa zomwe zimachitika m'misika ndi m'makwalala athu munthu akakuwa kuti "Wakuba!" Miyala, zibonga, petulo ndi teyala. Munthu yemwe anakhalapo kundende ndiye woyamba kulozedwa chala mbuzi ikasowa, njinga ikasowa, ngakhale usikuwo anali pa maliro. Ngati mlandu wake unali wa magazi, abale a malemu akadali pomwepo, tsidya la mtsinje, ndipo palibe anawauza kuti munthu uja akutuluka. Amangomuona watulukira pa sitolo ya pamudzi. Mukuganiza kuti chotsatira n'chiyani? Nthambi ya ndende yamasula munthu, koma yamuponya pakati pa anthu omwe mabala awo sanapole, popanda mkhalapakati.

Motero ambiri safika n'komwe kumudzi. Amatsikira pa depoti ya Lilongwe kapena ku Wenela, n'kuyamba kugona m'mabenchi. Kumeneko ndiko amakumana ndi okhawo omwe amawalandira ndi manja awiri, anzawo omwe anadziwana nawo m'selo. Awa samufunsa kalata ya kupolisi, samunyogodola, amamugulira chipisi n'kumuuza kuti pali "ntchito" usiku uno. Magulu a zigawenga ali ndi dongosolo lolandirira otuluka m'ndende, boma ndi limene lilibe. Manyazi amenewa tiwaike pati?

Kwa zaka zambiri tinali ngakhale ndi lamulo lomangira anthu chifukwa chongopezeka pamalo popanda chifukwa chokhutiritsa wapolisi, lija la vakabu. Mu 2017 bwalo lalikulu linathetsa gawo lina la lamuloli pa mlandu wa Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo yemwe anagwidwa mbandakucha akupita kukachita geni yake. Taganizani: dzanja limodzi la boma limatulutsa munthu wopanda kogona, dzanja linalo n'kumugwira chifukwa chosowa kogona. Chigamulocho chinachotsa msampha umodzi, koma sichinapatse munthu denga.

Chomwe chikufunika si chachilendo, ndipo si chodula monga ena angafune kuti tikhulupirire. Ndi nyumba zofikira: malo omwe munthu amakhalako miyezi ingapo pakati pa ndende ndi mudzi. Kumeneko amagona pamphasa yakeyake, amadziphikira, amadzuka yekha popanda belu. Amaphunzira ntchito ya manja kapena kunola yomwe anaiphunzira mkati. Amathandizidwa kupeza chiphaso cha unzika, popeza lero popanda chiphaso sulembetsa nambala ya foni, sutsegula akaunti ku banki, ndipo pa zambiri za boma dzina lako siliwerengedwa. Amalumikizidwa ndi chipatala chomwe azikalandirirako mankhwala. Amakhala ndi womumvetsera pamene maloto oipa amudzutsa usiku. Koposa zonse, pa miyezi imeneyo wina amakwera njinga kupita kumudzi kwake, kukakhala pansi ndi a mfumu, ndi mwinimbumba, ndi banja lomwe linalakwiridwa, kukonza njira munthuyo asanafike.

Chitsanzo tili nacho kale pakhomo. Ku Balaka, bungwe la Prison Fellowship Malawi lili ndi nyumba yotere, yomwe imadziwika kuti Halfway House. Akaidi omwe atsala pang'ono kumaliza chilango amakakhalako n'kuphunzira ntchito monga ukalipentala, utelala ndi kuwotcherera zitsulo, kwinaku akulandira uphungu. Ntchito yotamandika. Koma nyumba ngati imeneyo imalandira anthu makumi angapo pa nthawi imodzi, pamene otuluka m'ndende zathu chaka chilichonse ndi zikwizikwi. Ndipo ntchito yotere imadalira akufuna kwabwino. Wopereka thandizo wa kunja akasintha maganizo, mphika umazizira. Kodi chitetezo cha dziko chingamadalire chopereka cha anthu a kutsidya kwa nyanja? Apolisi sitiwalipira ndi chopereka. Asilikali a ndende sitiwalipira ndi chopereka. Chifukwa chiyani gawo lomaliza la ntchito yomweyo, gawo lomwe limaonetsa ngati zonse zija zinapindula, tikulisiyira mbale ya zachifundo?

Umboni wina woti kukonza njira kumathandiza unachokera kwa anthu omwe tonse tinkawaopa kwambiri. Mu 2007, pa mlandu wa Francis Kafantayeni ndi anzake, bwalo lalikulu linagamula kuti n'kosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko kupereka chilango cha imfa mokakamiza kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha. Kuyambira mu 2015 milandu ya anthu amenewa inayamba kuunikidwanso, ndipo oposa 100 anatulutsidwa, ena atakhala ku Zomba zaka zoposa makumi awiri. Asanatuluke, alangizi a zamalamulo a bungwe la PASI ndi anzawo anayenda m'midzi, kukamva mbiri ya anthuwo ndi kukambirana ndi mafumu komanso abale. Midzi yambiri inawalandira anthu ake. Dziko silinagwe. Ngati zinatheka ndi anthu omwe anali pa mzere wa chingwe, zingakanike bwanji ndi wakuba nkhuku, wakuba chinangwa, kapena wolephera kulipira chindapusa?

Pajatu ndende zathu zadzaza ndi anthu otere. Amene anaba mabiliyoni pa Cashgate mu 2013, akatuluka safuna nyumba yofikira. Galimoto imamudikira pachipata, mpanda wa njerwa ukumudikira ku Area 43, ndipo Lamulungu lotsatira amakhala pa mpando wakutsogolo m'tchalitchi, anthu n'kumamutcha "bwana". Wosowa kopita ndi uja anaba thumba la chimanga m'mwezi wa Febuluwale, ana akulira ndi njala. Wakuba wamkulu timamukhululukira tisanamufunse n'komwe, wakuba wamng'ono timamulanga kawiri: kamodzi ndi woweruza, kachiwiri ndi ife, moyo wake wonse. Ngati chimenechi ndi chilungamo, ndiye kuti mawuwo anatha ntchito.

Ndikudziwa zomwe ena akunena pamene akuwerenga izi. "Mwana wanga sanabepo kanthu, anakhoza MSCE, ali pakhomo, ku koleji ya ntchito za manja malo anasowa. Inu mukufuna boma liphunzitse mbava ukalipentala ndi kuipatsa zipangizo? Ndiye kuti aliyense akabe kaye?" Funso limeneli ndi lolemera, ndipo wolifunsa sakulakwa kukwiya. Koma mkwiyowo ulunjike koyenera. Amene anamana mwana wanu malo si mkaidi. Ndipo palibe munthu wamutu wake amene angasankhe zaka zitatu za shamba, nsabwe ndi mphere kuti apate mpini wa sowo. Komanso dziwani kuti mbavayo mukuilipirira kale. Ikabwerera m'ndende, mudzaidyetsanso zaka zina zisanu, kuwonjezera pa mbuzi zanu zomwe idzakhale itaba. Kusankha kulipo n'kwakuti: mulipire miyezi isanu ndi umodzi ya denga ndi maphunziro, kapena mulipire zaka zina za selo pamodzi ndi loko watsopano wa pakhomo panu. Ndalama ndi zanu zomwezo.

Ena amati, "Nanga olakwiridwa?" Eya, nanga olakwiridwa? Mayi yemwe mwana wake anaphedwa, lero amathandizidwa chiyani ndi dongosolo lomwe lilipoli? Palibe amamuuza tsiku lomwe wopha mwana wake akutuluka, palibe amamufunsa ngati ali ndi mantha, palibe amakonza zoti wolakwayo abwere ndi akuluakulu kudzagwada ndi kupepesa monga mwambo wathu umafunira. Makolo athu ankadziwa kuti mlandu sutha ndi chilango chokha. Pankakhala kulipa, pankakhala kupepesa, pankakhala kudyera pamodzi pamaso pa mfumu. Ndende inabwera ndi atsamunda, n'kudula zonsezo pakati. Nyumba yofikira yoyendetsedwa bwino ndiyo ingabwezeretse gawo limenelo, ndipo wopindula woyamba ndi wolakwiridwa yemweyo.

Boma lisanamizire kuti silidziwa udindo wake. Gawo 163 la malamulo oyendetsera dziko lino limaika kukonzanso khalidwe la omangidwa pakati pa ntchito za nthambi ya ndende, osati kusunga kokha. Malamulo a bungwe la United Nations okhudza kasungidwe ka akaidi, omwe mu 2015 anapatsidwa dzina la Nelson Mandela, amanena momveka kuti udindo wa dziko suthera pachipata: wotuluka ayenera kuthandizidwa kupeza zikalata zomuzindikiritsa, pokhala, ntchito, zovala ndi ndalama zofikira kwawo. Nthumwi zathu zimakakhala nawo pa misonkhano yotere, zimalandira ma alawansi, zimabwerako ndi zikwama za mapepala. Ku Japan kuli nyumba zofikira pafupifupi 100, zambiri zoyendetsedwa ndi mabungwe omwe si a boma koma ndi thandizo la ndalama za boma, ndipo kuli anthu wamba oposa 40,000 odzipereka kuyendera ndi kulangiza otuluka m'ndende m'madera mwawo. Musandiuze kuti Japan ndi wolemera. Anthu odzipereka aja salipidwa malipiro. Chomwe ali nacho ndi dongosolo, ndipo dongosolo silifuna migodi ya golide.

Ife tili ndi zomangira zoposa zimenezo. Mudzi uliwonse uli ndi mfumu. Dera lililonse lili ndi mpingo kapena mzikiti, komiti ya chitukuko, gulu la chitetezo cha m'mudzi, mlangizi wa zaumoyo. Boma lililonse lili ndi ofesi ya zosamalira anthu. Nthambi ya ndende ili ndi minda ndi malo. TEVETA ilipo yopereka ziphaso za ntchito za manja. Akaidi amalemba mayeso a MSCE ali mkati ndipo ena amakhoza bwino. Oimba a ku ndende ya Zomba anafika mpaka pa mndandanda wa opikisana pa mphoto za Grammy mu 2016, dziko lonse linanyadira. Luso lilipo, manja alipo. Chosowa ndi munthu woti alumikize zidutswazi, ndi mzere umodzi mu bajeti.

Tsono nazi zoyenera kuchitika. Aphungu aike mu bajeti ndalama za nyumba zofikira, kuyamba ndi imodzi m'chigawo chilichonse, ndi zina zapadera za amayi ndi ana awo komanso za achinyamata. Boma lisachite kumanga zonse lokha: lipangane ndi mabungwe ndi mipingo yomwe ikugwira kale ntchitoyi, lizilipira pa munthu aliyense wolandiridwa, ndipo liziyendera kuona momwe akusamalidwira. Akaidi a khalidwe labwino azimalizira miyezi yotsiriza ya chilango chawo kumeneko, zomwe zingapepuzenso ndende. Pasapezeke munthu wotuluka wopanda chiphaso cha unzika, wopanda kalata ya kuchipatala ngati akumwa mankhwala, wopanda ndalama yokwerera basi. Ndipo mndandanda wa okhululukidwa usanawerengedwe pa wailesi, ofesi ya zosamalira anthu ya boma lakwawo ikhale itadziwa, mfumu itadziwa, olakwiridwa atadziwa.

Chenjezo likhalepo. Nyumba yofikira isasanduke ndende yachiwiri yopaka laimu, ya mpanda waminga ndi chikwapu. Isasanduke munda wa mkulu wa bungwe komwe anthu azilima ulele m'dzina la kuphunzira. Isakhale malo okakamizira munthu kulowa mpingo kuti apate nsima, pakuti Msilamu, Mkhristu ndi wa Gule onse amatuluka pachipata chimodzi. Isakhalenso kosungira anthu mpaka kalekale. Muyeso wake ukhale umodzi: patatha chaka, munthu uja ali kuti? Ali pa shedi yake akupala matabwa, kapena wabwerera ku foleni? Bungwe lomwe silingayankhe funso limenelo lisalandire tambala ya boma.

Kwa inu abusa, ansembe ndi mashehe: kupita ku ndende pa Khirisimasi ndi sopo, shuga ndi kwaya n'kwabwino, koma n'kosavuta, chifukwa madzulo mumabwerera kwanu chipata chitatsekedwa kumbuyo kwanu. Mayeso enieni ndi tsiku lomwe munthu uja wagogoda pa chitseko cha mpingo wanu. Mumalalikira za mwana wolowerera chaka ndi chaka, koma akabwera weniweni mumauza asungichuma kuti asamale mbale ya chopereka. Mipingo ili ndi nyumba zogona alendo, ili ndi minda, ili ndi akhristu eni magalaja ndi mashopu. Ndi angati mwa iwo analembapo ntchito munthu wochokera ku Chichiri?

Kwa inu mafumu: munda wa munthu womangidwa si wamasiye. Woweruza anamulanda ufulu kwa zaka zowerengeka, sanamulande dziko la makolo ake. Mfumu yomwe imalola kuti gawo lake ligulitsidwe iye ali mkati, imakhala yasaina kale chikalata chomubwezera m'ndende.

Ndipo kwa ife tonse amene timati za akaidi sizitikhudza: chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. M'dziko lomwe munthu amatha kukhala pa rimandi zaka fayilo yake itasowa, lomwe ngozi ya pamsewu, ndewu ya pa mowa kapena bodza la mnansi zingakulowetse m'selo, palibe banja lomwe lingalumbire kuti chipata chija silidzachiona. Pafupifupi aliyense ali m'ndende lero adzatuluka, tifune tisafune. Adzakwera minibasi yomwe timakwera, adzakhala m'dera lomwe ana athu amasewera. Phungu wanu akabwera kudzapempha voti, kapena kudzadzitama ndi mlatho wa CDF, mufunseni kuti mu bajeti yomwe anavomereza muli ndalama zingati zolandirira anthu amenewa. Akayamba kukanda m'mutu, muuzeni kuti abwerere ku Lilongwe akaziikemo.